Abambo Anga ndi Kamuvi ka Oyilo

Abambo anga anayendetsa thirakitala imodzi moyo wawo wonse, ndipo sinali yawo. Inali ya mwini munda kumene ankagwira ntchito, chithirakitala chakale cha dizilo chimene utoto wake unasuluka kalekale, moti anthu ankatsutsana ngati chinali chofiira kapena chobiriwira. Nyali chinalibe. Hutala chinalibe. Mpando wake unali chitsulo chokhachokha, abambo n'kuyalapo thumba lopinda pawiri. Chimene chinkaoneka kuti chidakali ndi nzeru zake chinali geji ya oyilo: kagalasi kozungulira pansi pa chiwongolero, m'kati mwake muli kamuvi koonetsa ngati oyilo akuyenda mwamphamvu mu injini.

Ndiye anthu anawatcha a Kamuvi. Dzinalo sanalikonde, sanalikanenso. Abambo anga sankataya mawu pa zinthu zazing'ono, ndipo zazikulu sizinkawachitikira kawirikawiri.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kamodzi. M'mawa ankaliza injini, dzanja lili pa kawaya kozimitsira, maso ali pa geji. Pagalasipo anakandapo kamzere ndi msomali. Kamuvi kakadutsa kamzereko, ntchito iyambike. Kakapanda kudutsa, ankazimitsa, n'kutsika, n'kukhala pansi, ngakhale abwere ndani. Koma asanayang'ane ankayamba agogoda galasilo ndi chala, go go. Ankatero tsiku lonse, pokhota paliponse m'munda: go go, kuyang'ana, kupitiriza. Anafe tinkayesa ndi moni. Amayi ankati n'chikondi, popeza iwo anali asanagogodedwepo chomwecho.

"Injini ikasowa oyilo sidandaula msanga," anandiuza tsiku lina. "Ukamaimva kulira ndiye kuti maliro ayandikira. Khutu limachedwa. Kamuvi sikanama."

Amenewa ndi mawu ochuluka kwambiri amene ndinawamva akulankhula nthawi imodzi, ndipo linali tsiku la ukwati wanga. Anzanga anapatsidwa malangizo a banja ndi abambo awo. Ine ndinapatsidwa amenewa.

Amayi sankaifuna n'komwe thirakitalayo. Ankaitcha mkazi mnzawo. Ankati mkazi mnzawoyo amamwa, amasuta, amatsokomola m'mawa uliwonse, zovala za mwamuna amadetsa yekha koma wochapa ndi wina, ndipo mwamunayo sanamunenepo choipa ngakhale kamodzi. Abambo akamva zimenezi ankangoti, "Ndi wokalamba, amayi ake," ngati kuti amayiwo akucheperachepera.

Kenako maso a abambo anayamba kuchita chifunga. Sananene. Tinadziwira pa tiyi: tsiku lina anathiramo mchere, n'kumwa yense mpaka pansi, nkhope ili phee. Munda ankauona, mitengo ankaiona, mizere ankaiwongola bwinobwino monga kale. Koma kamuvi n'kochepa ngati kachitsotso ka machesi, ndipo kanayamba kuwasowa.

Mwini munda anali munthu wabwino, koma wosapita m'mbali. Mlonda wake atagontha anamuthokoza kwambiri, anamupatsa njinga, n'kumutsanzika. Komanso thirakitalayo inkatuluka pamsewu ikukoka ngolo, n'kumadutsa pafupi ndi sukulu. Tonse kunyumba tinkadziwa kuti tsiku limene mwini munda adzadziwe za masowo, mpando wapita. Ndipo abambo opanda mpando uja palibe ankadziwa kuti angakhale ndani, ngakhale eni akewo.

Madzulo ena anati, "Amayi ake, mawa mundiperekeze."

"Kuti?"

"Kuntchito."

"Kwagwanji?"

"Muzikandigwirira ambulera."

Munthu amene anapsa ndi dzuwa moyo wake wonse mpaka khosi kuuma ngati chikopa, lero akufuna ambulera. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyamuka kukafuna ambulera kuseri kwa kabati. M'banja mwathu nkhani zikuluzikulu zinkakambidwa chomwecho.

Kuyambira pamenepo amayi ankakhala pa madigadi, pamwamba pa tayala lalikulu, dzanja lina lagwira chitsulo, lina ambulera, nkhope ili ngati ya munthu amene wakwera basi yolakwika. Anthu ankaseka kuti chikondi cha kuukalamba n'choopsa. Mwini munda anati n'zokoma kuona. Pansi pa ambulerapo nkhani inali imodzi basi.

"Kali pati?"

"Kadutsa."

Ine zinkandipsetsa mtima, ndipo ndinanena. Ndinati apite kuchipatala asanagwetse amayi m'ngalande. Abambo anati apita kulima kukatha. Kulima kutatha kunabwera kukoka ngolo, kukoka ngolo kutatha kunabwera kulima. Zinkandipwetekanso kuona munthu amene sankapempha ngakhale madzi akupempha maso. Chinthu china ndinachiona koma sindinachilabadire: anasiya kugogoda galasi. Munthu ugogoderanji chinthu chimene sukuchiona? Kuyang'ana anapereka kwa amayi, kugogoda kunagwera panjira.

Za tsiku limene zinathera ndinamva kwa amayi, ndipo amayi sawonjezera nkhani, amangowonjezera mawu. Kunali kotentha, mitambo itasonkhana, mwini munda akuyenda m'mbali mwa mizere kuwafulumizitsa kuti amalize mvula isanagwe. Ali pakati pa munda, abambo anapendeketsa mutu.

"Kali pati?"

"Kadutsa."

Anayenda pang'ono.

"Amayi ake, kali pati?"

"Ndati kadutsa. Kapena makutu nawonso ayamba?"

Makutuwo ndi amene ankawauza zina. Injini inali italowa kaphokoso kouma kamene sanakamvepo. Koma mwini mawu oti khutu limachedwa, kamuvi sikanama, anali iwo omwe. Anayendanso pang'ono. Kenako anakoka kawaya, injini n'kuzima, munda wonse kuti zii.

Mwini munda anabwera chothamanga. "Chavuta n'chiyani, a Kamuvi? Mvula iyo!"

"Injini ikulira zachilendo, bwana."

Mwini munda anakwera popondera n'kusuzumira pa geji. "Zachilendo ziti? Oyilo ali bwinobwino. Taonani nokha, kadutsa kamzere kanu kaja."

Apa amayi akuti anawatsina abambo kumsana. Kunali kosavuta: kugwedeza mutu, kunena kuti pepani ndinamva molakwa, n'kuliza injini. Abambo sanagwedeze.

"Injini yazima, bwana. Ikazima kamuvi kamagona pansi." Anatembenukira kwa amayi. "Kadakali m'mwamba?"

Amayi anasuzumira pa geji. "Kadakali."

Abambo anatambasula dzanja kuti agogode galasi. Chala chinagunda chitsulo cha pambali. Chinapapasa, chinapapasanso, kenako chinalipeza. Go go. Kamuvi kanagwa kuti psiti, mpaka pansi.

Kani kugogoda kuja sikunali moni. Kamuviko kanali ndi khalidwe lokakamira m'mwamba kukatentha, ndipo chala ndicho chinkakadzutsa kuti kanene zoona. Abambo ankadziwa zimenezi zaka zonsezo, koma sanauze munthu, chifukwa panalibe amene anafunsa.

Mwini munda sankayang'ana kamuvi. Ankayang'ana chala chija.

"A Kamuvi, simukukaona?"

"Sindikukaona, bwana."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire ambulera."

Atatsika anapeza kumbuyo kwawo, mumzere umene ankalima, muli kanjira kakuda ka oyilo kotalika ndithu. Kapaipi kanali katang'ambika pansi pa injini. Makaniko atabwera anagona chagada pansi pake, anatukwana pang'ono, n'kunena kuti akanangoyendanso mpaka kumapeto kwa mzere injini ikananoka n'kuferatu, ndipo zitsulo za injini yotero masiku ano sungazipeze ngakhale kumanda a magalimoto. Anamanga kapaipi kena. Mvula nayonso sinagwe.

Pobwerera kunyumba amayi anali patsogolo ndi ambulera yopinda, abambo pambuyo.

"Mukanangogwedeza mutu," anatero amayi osacheuka.

"Ikanafa."

"Si yanu."

"Ndikudziwa."

"Nanga zogogodazo bwanji simunandiuze? Ine zaka zonsezi ndimayesa mumamusisita mkazi mnzanga."

Abambo anaganiza kaye. "Ndinaiwala kuti simukudziwa."

Mwini munda anawathokoza kwambiri. Anawatenga yekha pagalimoto yake kupita nawo kuchipatala, kumene adokotala anati matendawo akanabwera nawo msanga bwenzi zili bwino, ndipo anawapatsa mankhwala odontheza kuti kuwala kotsalako kusathe. Kenako mwini munda anawapatsa wailesi, n'kuwatsanzika. Mlonda uja anapatsidwa njinga, koma abambo njinga akanaiyendetsa bwanji? Sindimuda mwini munda. Ndinayesetsa kumuda, zinakanika, chifukwa mwana wanga nayenso amadutsa pamsewu wa kusukulu uja. Koma tsiku limene abambo anabwera ndi thumba lawo lopinda pawiri kukhwapa, ndinalowa kubafa n'kulira.

Mpando unapita kwa mlamu wake wa makaniko, munthu wa maso awiri abwino ndi mawu ambiri. Anabwera kunyumba kudzafunsa ngati pali zoti adziwe za thirakitalayo. Anakhala pampando wa alendo, manja pamawondo, akuyembekezera phunziro lalitali.

"Uzigogoda," anatero abambo.

Mlamuyo anadikira. Panalibenso china. Amayi ndi amene anamuperekeza mpaka pachipata, akumufotokozera zonse bwinobwino: kamzere, kawaya, kutentha, kukakamira. Anamuuzanso kuti asamuthamangitse mkazi mnzawo uja chifukwa ndi wokalamba.

Masiku ano abambo amadzukabe nthawi yawo yakale. Amavala, n'kukhala pakhonde, wailesi ili pambali yosatsegula. Amayi amawapatsa tiyi m'manja, shuga atathira okha. Mundawo suoneka kuchokera pakhondepo, pali nyumba za anthu ndi mitengo, koma mphepo ikakhala bwino thirakitala imamveka akamailiza: kutsokomola kaye, kenako kugwira. Abambo samwa. Chala chawo chimapeza m'mphepete mwa kapu, go go, ndipo amadikira, tiyi akuzizira.

Amayi amakhala akusesa, msana uli kumunda. Sacheuka n'komwe.

"Kadutsa, abambo ake," amatero. "Imwani tiyi."

Ndipo amamwa.