Tsamba Lokana Kutseguka ku Nathenje

A Gilibati ali ndi kashopu kokonzera mafoni pa Mitundu, kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Anabadwira pa esiteti ya fodya pomwe makolo awo anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo kukulira pamalo a eni kunawasiyira khalidwe limodzi: sakhudza cha mwini. Ngakhale pa ukwati amadya ngati akubwereka mbale. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako mafoni, kenako makompyuta, kuphunzira mwa kuwononga ndi kukonzanso. Lamulungu amaimba besi m'kwaya, masiku enawa salankhulalankhula.

Chaka chatha gulu la alimi a soya ndi mtedza la ku Nathenje linawaitana. Ofesi ya gululo ndi nyumba wamba yobwereka, ndipo akomiti ankafuna kuti mitengo ndi masiku obwera galimoto yonyamula mbewu zizioneka pa foni za alimi. A Gilibati anaika kompyuta yakale m'chipinda chakumbuyo kuti izisunga tsamba la pa intaneti loonetsa zimenezi, naimangirira ku rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumbamo, nalembetsa dzina la tsambalo. Alimi a ku Malingunde atalemba dzinalo pa foni zawo, linatseguka. Akomiti anawayamika kwambiri, iwo n'kumangoyang'ana nsapato zawo.

Woika mitengo m'mawa uliwonse anali Zipora, kalaliki wa gululo, mayi wolera yekha ana awiri. Iye akalemba dzina lomwelo pa laputopu ya mu ofesi, tsamba silinkatseguka. Kafoni kake kanali ka mabatani, kosalowa pa intaneti. Anaimbira a Gilibati, iwo anayesa ali pa Mitundu, linatseguka. Atawaimbiranso, anakwera njinga yamoto kudutsa msewu wafumbi mpaka ku Nathenje, naima pambali pa tebulo lake, nayesa pa foni yawo. Linatseguka. Zipora anawapempha kuti alowe pa wayifayi ya mu ofesi, mpaka anayamba kuwatchulira pasiwedi, koma iwo anakana mwaulemu. Anati intaneti ya alimi isathere pa iwo, ali ndi bandulo yawo. Laputopu anapita nayo ku Mitundu, naiyesa ndi intaneti ya pa foni yawo, ndipo inagwira bwinobwino.

Tsiku lobwera galimoto litasinthidwa, tsamba linakhalabe ndi tsiku lakale. Alimi anabwera ndi soya pangolo, galimoto kulibe, matumba ena n'kunyowa ndi mvula. Komiti inakhala pansi, ndipo wapampando, a Isake, anafunsa a Gilibati ngati chinthu chawocho chinali chowonongeka.

"Chikugwira, bambo, onani," anatero akuonetsa foni. Akanalekera pomwepo. Koma anawonjezera kuti, "Mwina ndi kuzolowera chabe. Si onse amene manja awo amagwirizana ndi makina."

Zipora anangoti iye ankalemba dzina monga anamuuzira, ndipo sanapitirize kutsutsana ndi akuluakulu. Pakutha pa mwezi anamuchotsa. M'malo mwake analemba Matthews, amene mitengo yake inkaoneka tsiku lililonse, ndipo aliyense anati nkhani ija inaweruzidwa bwino.

Nthawi yokolola mtedza a Gilibati anapitanso ku ofesi ija kukasintha batire ya sola. Bandulo inawathera ali komweko. Matthews anangowalanda foni akuseka, nati akulu asamaumire ngati wayifayi ndi shuga, nawalowetsa. A Gilibati analemba dzina la tsamba lawo. Silinatseguke. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Limeneli pa wayifayi ya muno silitseguka, akulu," anatero Matthews. "Ine ndimangogwiritsa bandulo yanga."

A Gilibati anakhala pansi pa thumba la mtedza. Anazindikira pomwepo. Dzina la tsamba limaloza khomo lakunja la nyumbayo. Wochokera kunja rauta imamulandira n'kumulondolera ku kompyuta yakumbuyo, koma wa m'nyumba momwemo akafunsa khomo lakunja, karauta kotchipa kaja sikadziwa kumubwezera mkati. Iwo ndi bandulo yawo anali munthu wakunja nthawi zonse, ngakhale tsiku lija anaima pambali pa tebulo la Zipora. Anauza rauta kuti kwa a mkati dzinalo liziloza molunjika ku kompyuta ija. Ntchito yonse inatha tiyi amene Matthews anawapatsa asanazizire, ndipo tiyiyo sanamumwe.

A Isake atamva anapukusa mutu, nati madzi akatayika saoleka, Matthews sangachotsedwe popanda chifukwa, ndipo a Gilibati aganizire dzina lawo asanafalitse nkhaniyi.

A Gilibati anakam'peza Zipora m'mbali mwa msewu waukulu, akuthamangira mawindo a minibasi ndi beseni la tomato. Anadikira minibasi ichoke, nam'fotokozera zonse chipewa chili m'manja.

"Ndinakupemphani kuti mulowe pa wayifayi, bambo."

"Munandipempha, mayi."

"Ntchito sadzandibwezera, ndikudziwa. Koma ku Malingunde amanditcha mayi wa galimoto yosabwera, ndipo mwana wanga dzinalo analimva kusukulu. Zimene mwandiuza panozi mukanene pomwe munanena zija."

Pa msonkhano waukulu wa alimi a Gilibati anapempha mwayi, naimirira. Mawu anawatuluka movutikira, koma ananena kuti cholakwa chinali chawo, kuti Zipora ankanena zoona, ndiponso kuti mawu awo onena za manja anali bodza. Ena anang'ung'udza, mkulu wina anafunsa kuti rauta n'chiyani, a Isake anapitirira ku nkhani ya feteleza. Zipora sanabwere, chifukwa linali tsiku la msika.

Dzina lija la galimoto yosabwera anthu asiya kumutchula, koma ntchito sanam'bwezere. A Gilibati akamva kuti sukulu kapena sitolo ikufuna kalaliki, amatseka shopu n'kukamunenera okha. Mpaka lero palibe amene wamuitana.