Tambula ya Mabatani

Fungo la mandimu ongodulidwa kumene limandibwezera ku Kawale, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri, m'chilimwe cha chaka chimene sukulu inakhala yaulere ndipo ife a Sitandade 4 tinkaphunzirira pansi pa mtengo. Kunkatentha moti malata ankalira okha masana. Fumbi la mumsewu wakumsika linkalowa paliponse, ngakhale m'kabati yokiya. Abambo ankasoka pakhonde, makina awo akugogoda kuyambira m'mawa, ndipo pambali pawo pankakhala tambula yaitali yodzaza mabatani.

Amayi ankatsuka matambula pa hotela ina mtauni. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'chipinda chakumbuyo, manja ali m'thovu. Tambula iliyonse ankaidziwa ndi zala, koma zothiramo sankaziona, ndipo mowa anali asanaulawepo chifukwa anali a Mvano. Chaka chimenecho hotela inagula makina otsukira, otsuka onse n'kuuzidwa kuti ntchito yawo itha Khirisimasi isanafike. Kusoka kwa Abambo pakokha sikukanatisunga mtauni. Nkhani yobwerera kumudzi ku Ntcheu inayamba kumveka pakhomo, ndipo ine, mwana wobadwira ku Kawale amene khasu ndinkangoliona patchuthi, ndinkachita mantha kwambiri.

Mpata unalipo umodzi wokha. A Kamwendo, mkulu wa kubala ya hotelayo, ankafuna munthu womuphunzitsa ntchito, ndipo Amayi analimba mtima n'kupempha. Mzimayi anali asanaimepo kuseri kwa kauntala imeneyo. A Kamwendo sanakane, sanavomerenso. Anati pahotela aliyense akhoza kuoneka wanzeru chifukwa matambula amakhala atandandalikidwa kale. Iwo adzabwera kunyumba Lamulungu lina masana, kuti Amayi adzawathirire mowa wa jini wosakaniza ndi toniki m'chilichonse chimene tinali nacho.

Kuyambira sabata imeneyo Amayi ankabwera ndi matambula obenthuka pamlomo amene hotela inkapatsa antchito. Akaweruka ankawayala pathebulo, ndipo kasitomala ndinali ine. Ndinkakhala pampando wa makasitomala a Abambo, mwendo pamwamba pa unzake, n'kumaitanitsa ndi Chizungu chotulukira m'mphuno. Jini wathu anali madzi apampopi, mandimu tinkapempha kwa aneba. Ndinali kasitomala wovuta, ndipo ntchitoyo inkandikoma kuposa masanje.

Zimene Amayi anatola pomvetsera operekera zakumwa kwa zaka zonsezo, ankandiuza ngati akudziuza okha. Jini wa toniki amafuna tambula yaitali, yowongoka, kuti ayezi akwane ndiponso kuti mpweya wa toniki usathawe msanga. Yaifupi yonenepa inali ya womwa jini yekhayekha. Ya kamwendo kowonda inali ya zosakaniza zopanda ayezi, ndipo inkagwiridwa pakamwendopo kuti dzanja lisatenthetse chakumwa. Yotambalala kwambiri pamlomo inkachititsa toniki kusukuluka munthu asanafike pakati. Ndipo tambula yobenthuka, ngakhale pang'ono bwanji, siperekedwa kwa munthu.

Tsiku lina ndinabweza chakumwa. Matambula anali atauma pathandala padzuwa, ndipo madzi amene Amayi anandipatsa anali ofunda ngati osambitsira khanda. Iwo anandiyang'ana moipidwa, nati ndikadzatsegula hotela yanga ndidzagule firiji. Mawa lake nditabwera kusukulu ndinamiza tambula imodzi mumtsuko wa madzi umene unkakhala pakona yamdima, pamchenga wonyowa. Amayi ataipeza ndinakonzekera kukokedwa khutu. Koma iwo anaivuula, anaigunditsa patsaya pawo, n'kumva mmene inazizirira. Kuyambira tsiku limenelo mtsuko waung'onowo unasiya kumwedwa, unakhala wa matambula.

Loweruka loti mawa a Kamwendo abwera, Amayi anayendetsa chala pamlomo pa tambula iliyonse yaitali, ndipo zonse zinali ndi pobenthuka. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno, maso awo n'kugwera pamakina a Abambo, amene anali atapita kumsika kukagula ulusi. Anangondikodola. Ndinakhuthulira mabatani m'mbale n'kuibisa kunsi kwa bedi. Tambulayo tinaitsuka katatu mpaka fungo la mafuta a makina litatheratu, ndipo inatuluka yosalala, yapansi pochindikala, yopanda chilema. Inagona mumtsuko. Lamulungu makina ankavundikiridwa ndi nsalu, choncho Abambo sanazindikire kanthu.

A Kamwendo anafika dzuwa lili paliwombo. Anali bambo wamfupi wa shati yoyera yosita bwino, wosaseka wamba. M'jumbo yawo munali kabotolo ka jini, toniki mmodzi ndi fulasiki ya ayezi. Abambo sankafuna mowa m'nyumba mwawo, koma tsiku limenelo anali atavomera, ndipo mlendo kwa iwo anali mlendo basi. Atalonjerana anapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa kabati. Ndinadziwa chimene akukatenga.

Chinali chikho chachikulu chagalasi, cha chogwirira ndi mkombero wagolide, mphatso ya paukwati wawo. Sichinamweredwepo chibwerere m'nyumba, ngakhale ndi abusa amene. Abambo anachipukuta ndi mpango wawo, nachiika patsogolo pa mlendo ndi manja awiri. Kwathu ulemu unali umenewo: mlendo wamkulu, chikho chachikulu, chodzaza mpaka pamlomo. A Kamwendo anachiyang'ana, kenako anayang'ana Amayi.

Amayi anagwada pafupi ndi mpando wa Abambo. "Bambo a Nelesi, pepani," anatero motsitsa mawu, "chimenechi si cha jini."

Ndinali ndisanawamvepo akutsutsa Abambo pamaso pa mlendo. Kwa aneba wailesi inkaimba nyimbo za kwaya.

"Nanga mlendo amwera m'chiyani?" anafunsa Abambo.

"Nelesi, katenge."

Ndinapisa mkono mumtsuko mpaka pachigongono, ndinavuula tambula ija, ndinaipukuta ndi kansalu koyera, n'kubwera nayo pambale ndikuyenda ngati ndanyamula mazira. Abambo anaiyang'anitsitsa, makwinya n'kubwera pamphumi.

"Si ya mabatani anga imeneyo?"

Amayi anainyamula pambalepo. Anaigwira chapansi, anainunkhiza, anaikwezera kuwindo kuti aone ngati mwatsala dontho. Anaikamo ayezi mpaka chapamwamba, anayeza jini ndi chivundikiro cha botolo, kenako anaipendeketsa n'kuthira toniki pang'onopang'ono motsatira m'mbali. Anadula ndimu, fungo lake n'kudzaza chipinda chonse. Pamwamba anasiyapo mpata wa chala chimodzi. Ndi manja awo otuwa ndi sopo wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaipereka kwa mlendo.

A Kamwendo sanafulumire kumwa. Anayendetsa chala chachikulu pamlomo pa tambula, kenako anaifumbatira, n'kumwazamwaza maso m'chipindamo.

"Firiji sindikuiona muno. Mwaiziziritsa bwanji?"

Amayi anandiloza ndi mlomo. Ndinawatsogolera pakona paja, ndipo bambo wa shati yoyera uja anawerama n'kusuzumira mumtsuko. Apo m'pamene ndinaona mano awo koyamba. Anabwerera pampando, anamwa kawiri mofatsa, timpweya tikukwerabe m'tambula, n'kuika pansi.

"Mayi a Nelesi, mawa mubwere ndi nsapato zakuda. Mulowere khomo la kubala."

Tinawaperekeza mpaka pa mpopi. Atangokhota pagolosale, Amayi anaimba nthungululu pakati pa msewu, azimayi n'kutuluka m'nyumba ndi zitenje m'manja kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Ine ndinathamanga mzere wonse wa nyumba ndikuuza aliyense, ngakhale amene sanandifunse, kuti ife ku Ntcheu sitipitanso. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku limene ndinakhoza mayeso a Sitandade 8. Mvula yoyamba itagwa inatipeza tili ku Kawale konkuja, Amayi akusita bulauzi yoyera m'mawa uliwonse.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ntchito ija inapezeka chifukwa cha mtsuko wanga, ndipo ndinkauza anthu choncho mosanyinyirika. Nditakwatiwa m'pamene ndinazindikira kuti chovuta tsiku limenelo sichinali kusankha tambula. Chovuta chinali kugwada pafupi ndi mwamuna wako mlendo akuona, n'kukana chinthu chabwino koposa chimene mwamunayo anali nacho. Ndinakumbukiranso chimene ndili mwana ndinangochiseka. Titabwerako koperekeza mlendo tinapeza Abambo atatulutsa mbale ija kunsi kwa bedi, akukhuthulira mabatani awo m'chikho cha golide. Tambula yaitali anaitsuka okha, anailowetsa m'kabati pamalo pa chikhocho, n'kupereka kiyi kwa Amayi.