Sukulu ya m'chigafa

Lero kumsonkhano wokambirana zotsegula sukulu mkati mwa korona, jekete la mnzanga linkanunkha fodya wouma. Ndinakumbuka chaka chomwe chikuku chinatseketsa sukulu yathu ku Wimbe, ine ndili sitandade wani, ndevu zitayamba kale kumera.

"Ikapanda kutsegulidwa mwezi uno, basi, uzilima fodya," anatero bambo.

Makolo atasonkhana, aphunzitsi anakana kutsegula sukulu. "Chipinda chija n'chothinana, ana apatsirana."

Amayi anga anaimirira. "Nanga chigafa chathu chili ndi zipupa, aphunzitsi? Mphepo imangodutsa."

Lolemba tinakhala motalikirana pansi pa masamba a fodya olendewera, tikuyetsemula. Ndinalemba dzina langa padothi ndi chala. Kumapeto kwa chigafacho mlongo wanga ankasoka fodya wa gawo langa, milomo yake ikutsatira mawu a aphunzitsi.