Kampango wa Barnaba ku Malindi

Ndinanyamuka ku Zomba m'mawa kuli chifunga, mtima uli m'mwamba. Dzulo lake malume anali ataimba foni: "Bwera udzamutenge mlongo wakoyu, wandikwana."

Mlongo wangayo ndi Barnaba. Makolo athu atamwalira, ine ananditenga azakhali, iye anakakulira kunyumba ya ana amasiye yoyendetsedwa ndi amonke a chipembedzo cha Chibuda. Kumeneko anaphunzira kupemphera m'Chitchaina, kudya zamasamba zokhazokha ndi kusapha ngakhale nyerere. Atakula anabwerera ku Malindi kwa malume athu, omwe ndi asodzi. Mlandu wake unali woti anatenga kampango wamoyo m'bwato la malume n'kumubwezera m'nyanja. Akanamuthamangitsa, analibe kolowera, poti ine ndemwe ndimagona m'kachipinda ka ku koleji.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kafukufuku wa digiri yanga ndi wa Chibuda chomwecho. Mwambo womasula zamoyo zogwidwa ndinkaudziwa bwino, mbiri yake yomwe, ndipo ndinatenga buku poganiza kuti ndikawafotokozera malume amvetsa.

Minibasi inandidyera K12,000, kondakitala n'kundikhazika pambali pa thumba la makala ngati wandikomera mtima. Titadutsa pa Liwonde, bambo wina wachikulire wovala kofia anasuzumira chithunzi cha pabukulo.

"Amayi, ameneyu ndi mfumu ya kuti? Wakhala mwaulemu bwanji!"

Ndinawauza kuti ndi mphunzitsi wakale wa ku India, amene ankaphunzitsa za kuvutika kwa munthu.

"Kuvutika mpaka kukaphunzira kusukulu? Mukanangobwera kwathu ku Chowe, tikanakuonetsani ulere."

Minibasi yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo, koma za pakamwa chabe.

Pa boma la Mangochi tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinagula tchipisi koma sindinamalize. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, tinaoloka mlatho wa Shire, n'kulowa msewu wa ku Malindi, fumbi lili koboo. Njira yonse ndinkayeserera mumtima mawu okawauza malume.

Mawuwo sanagwire ntchito. Malume ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, nkhope ili yowala.

"Wavutikiranji mwana wanga? Nkhani ija yatha. Ndinamuuza kuti pano timadya za m'nyanja, asankhe yekha. Lero wayamba ntchito."

Barnaba ndinamupeza kuseri kwa thandala loyanikira usipa. Anali atagwada pamchenga, chibonga m'manja, kutsogolo kwake kuli kampango akuphiriphitha. Ananong'ona mawu a Chitchaina, anatsinzina, n'kumenya pamutu. Anaphonya. Anamenyanso. Malaya ake onse anali magazi, ndipo anali atawonda moti sindinafune kumuyang'anitsitsa.

"Achemwali, mwafika?" anatero osadzuka. "Musavutike, ndikhala konkuno. Ndilowera kuti?"

Ndinakhala pansi pambali pake, buku lili pamwendo.

"Inu mwawerenga zambiri," anapitiriza. "Amonke ondilera aja ankati wopha nsomba adzalipira m'moyo winawo. Nanga wopha chifukwa alibe pogona? M'mabuku mwanumo alembamo zotani za munthu ngati ine?"

Ndinkadziwa mayina a magulu onse a Chibuda, ndi mmene chinayendera kuchoka ku India mpaka ku China. Koma zimene mabuku amanena za asodzi sizinali zoti n'kumuuza mlongo wanga ali ndi chibonga m'manja. Ndinangoti, "Ndikafufuza."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera yankho lomwelo, n'kukoka kampango wina.

Ndinabwerera m'mawa mwake ndekha. Pamlatho wa Shire ndinalira, wakabaza n'kumayesa kuti ndi fumbi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzira chipembedzo chimenechi ngati nkhani ya anthu akutali, chonsecho amene akuchisenza ndi mwana wa mayi anga. Ndafufuza ndithu monga ndinamulonjezera, koma mpaka lero sindinamuimbire foni.