Zala za Buda Wamtengo

U Nyan Hla sanali munthu wokhazika matako pansi. Anabadwira m'mudzi wa osema pafupi ndi mzinda wa Sagaing, anakulira mu utuchi, ndipo luso lake lonse analiba ndi maso kwa Buda wakalekale, fano la mtengo wa tiki la m'kachisi wa m'mudzimo. Amene anamusema palibe ankamukumbuka. Koma zala za Budayo! Zazitali, zowonda, zokhudza pansi, mpaka zikhadabo zinkaoneka.

Chomusowetsa mtendere chinali golide. Womva mutu ankagula kapepala ka golide n'kukamata pamutu pa Buda. Womva bondo, pabondo. Zaka zikupita, nkhope inatupa, mapazi anasanduka zibuluma. Anthu ankati n'kupembedza. U Nyan ankati n'kuwononga.

Dzanja lamanja lokha ndilo linatsala lopanda golide, ndipo iye anadziika kukhala mlonda wake. M'mawa ali kukachisi, masana wabwereranso, tiyi kumusiya akutentha. Akaona munthu akuyandikira ndi golide, ankamulozera paphewa.

"Matani apa, mayi, madalitso ake n'chimodzimodzi."

"A Nyan, kodi munakwatira kukachisiko?" ankafunsa mkazi wake, Daw Pyone. "Mpunga ukuzizira kuno."

"Ndibwera pompano."

"Pompano wanuyo ndakalamba naye ine."

Ukalamba utafika, manja ake anayamba kunjenjemera. Tchizulo chosemera chinkamupulumuka, kapu inkamutayikira, kenako thupi lonse linamugoneka pamphasa. Ankangotembenuka uku ndi uku, mtima uli kukachisi. Tsiku limene miyendo inamulola, anapita akudzandira, mkazi wake akumulondola pambuyo.

Anapeza dzanja la Buda likunyezimira, zala zonse zitaphatikana ngati chibakera.

"Ndani wachita zimenezi?" anakuwa.

"Ndine," anatero Daw Pyone. "Ndinagulitsa ndolo zanga n'kugula golide. Ndimafuna manja anu achire."

U Nyan anasolola kampeni kake m'chiuno. Ankadziwa bwinobwino pamene chala chilichonse chinali pansi pa golideyo.

"Palani," anatero mkaziyo motsitsa mawu. "Palanitu, bambo, ngati dzanjalo likukulolani."

Kampeni kankangovina m'mwamba, osafika. Anagwira mkono ndi dzanja linalo, koma nalonso linkanjenjemera. Atacheuka kuti amukalipire, anaona makutu a mkazi wake ali ndi timabowo tokha.

Kampeni kanagwa pansi. Sanakatole.