Akufuna Nsikidzi yopanda mano

Lachiwiri Fostino anafika kwathu ku Likoswe pa kabaza, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anandipeza ndikusenda chinangwa.

"Aise, magazini athu aja ukadali nawo?"

Athu? Chabwino.

Kwa inu amene simunaione, Nsikidzi inali magazini ya nthabwala. Anaiyambitsa Che Adamu, telala wa ku Mbombwe, amene ankatola nkhani za boma lonse la Chiradzulu poyeza anthu m'chiuno. Iwo ankayankhula akuponda makina, Fostino nkumalemba, ine nkumajambula. Tikachita fotokope ku Limbe, a kabaza ankaifalitsa mpaka ku Mikolongwe. Anthu ankaiwerenga mpaka pepala kusanduka sanza.

Tsiku lina ndinajambula mkulu wina amene ankagawa makuponi a feteleza, mimba yake ili thumba losokedwa pakamwa. Kuyambira pamenepo aliyense ankamutchula kuti a Matumba. Tsoka lake, ahedi a sukulu yathu anali alamu awo. Ine anandichotsa sukulu ndili Fomu 3. Fostino analumbira kuti ankangokonza masipelo, ndipo mayeso analemba.

Lero Fostino ndi katswiri woseketsa anthu pa maukwati ndi pa misonkhano. Wabweretsa uthenga woti a Matumba, amene akufuna ukhansala, asindikiza buku la mbiri ya Nsikidzi. Che Adamu anatisiya, magazini awo anadyedwa ndi chiswe. Otsala ndi anga okha, m'chitini cha mabisiketi.

"Tingosankhamo zabwinozabwino," anatero Fostino. "Kachithunzi kaja tikasiye. Zinali zachibwana, mwana wa amayi."

"Zachibwana zimene zinandidyera sukulu?"

"Iwenso ukali! Dzina lako likhala pachikuto."

Mwamva? Munthu amene tinamuluma ndiye akufuna kulemba mbiri ya mano athu.

Ndipo musadabwe, chifukwa oseketsa athu ambiri afika pomwepa. Pitani pa ukwati uliwonse mukaone. Asanatsegule pakamwa amayamba ayang'ana ku tebulo la akuluakulu. Kenako amanyoza ndani? Agogo olankhula Chinyanja chopotokera ku Chilomwe. Mayi wonenepa amene wadzuka kukavina. Mlimi wosadziwa kutsegula chitseko cha galimoto. Inu nkumagwa ndi phwete, kuiwala kuti akunenedwawo ndi amayi anu.

Kuseka wosauka nkovuta pati? Ngakhale umphawi umamuseka tsiku ndi tsiku, ndipo sufuna maikolofoni.

Che Adamu analibe satifiketi, koma lamulo lawo linali limodzi: ukalemba nthabwala yoti mwini wake sangakuchite kanthu, ing'ambe. Anthu otere sitiwakumbukira ali moyo. Akafa timawagulira keke nkuwametera mbiri kuti ikwane m'thumba la bwana.

Ndinamuuza Fostino kuti chitini sichituluka m'nyumba. Anapukuta fumbi pa nsapato, nkunena kuti bukulo lituluka ndithu, ndipo ine sindidzatchulidwamo. Mwina akunena zoona. Ana a mawa adzawerenga kuti Nsikidzi inali ya nthabwala za apongozi.

Choncho Loweruka ndikayala magazini onse pa msika wa ku Mbombwe, pakhonde pamene panali makina a Che Adamu. Wofuna kuwerenga abwere, koma asambe m'manja.

Iwenso Fostino ubwere, ndi maikolofoni yako yomwe. Mawu a pansi pa chithunzi chija unalemba ndiwe, ndipo masipelo ake ndi olondola. Udzatiwerengera mokweza, kapena uyamba wapempha chilolezo?