Tsiku limene makina anayendetsa miyendo yanga

Zimene ndikulemba pano si nthano ayi, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo amene amandiona pa njinga ya olumala pakhomo pa tchalitchi chathu kuno ku Chinyunyu akhoza kuchitira umboni, ngakhale sadziwa zonse. Tsiku limene zinayamba ndimalikumbukira ngati dzulo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, malole akubangula kumsewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo ife amuna a mumphakati tinali padenga la tchalitchi kukhoma malata mvula isanagwe. Mtengo umene ndinapondapo unali utadyedwa ndi chiswe mkati. Ndinagwa chagada pa mulu wa njerwa.

Ululu wake sindingathe kuufotokoza, koma pali kanthu kamodzi kamene ndikupempha kuti mukasunge mumtima pamene mukuwerenga. Nsapato yanga inavuka, ndipo nyerere zinayamba kundiluma kuphazi lamanzere. Ndinkazimva. Ndinkagwedeza zala zakuphazi kuti zichoke, ndipo zalazo zinkagwedezeka.

Alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndiwo anali odziwika kwathu kuno pa ntchito yowongola mafupa. Munthu akabinya pampira, ng'ombe ikaguluka mwendo, onse ankathamangira kwa iwo, ndipo ambiri ankachiradi, sindingawanamizire. Atafika pamene ndinagona, ananena kuti msana wapindika, tiuwongole msanga usanazizire. Amuna awiri anandigwira m'khwapa, alamu anagwira akakolo anga, anawerenga mpaka katatu, nkukoka. Ndinamva kuti thwa m'kati mwanga, ndipo ululu wa m'miyendo unatheratu pomwepo. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawathokoza. Mkazi wanga anagwada pafumbi nkuyamika Mulungu. Kenako anandikhazika tsonga m'ngolo mpaka kumsewu, ndi kundikhazikanso tsonga mu minibasi mpaka kuchipatala ku Mpanshya. Kuchokera tsikulo sindinamvenso kalikonse kuyambira m'chiuno kutsika.

Zinapita zaka khumi ndi chimodzi. Mkazi wanga ankandisambitsa ndi kunditembenuza kuti ndisachite zilonda, mpaka m'chaka chachisanu ndi chiwiri pamene Ambuye anamuitana. Manda athu ali kutsidya kwa dambo kumene njinga yanga sifika, choncho anamuika ine nditatsala pakhonde, ndikungomva nyimbo zikunka kutali. Anthu anafuna kundinyamula, ine ndinakana, chifukwa ndani amapita kukatsanzika mkazi wake atanyamulidwa ngati thumba la chimanga? Ndinalonjeza mumtima kuti ndidzapita ndekha, ngakhale ndi ndodo ziwiri, ndikaimirire pamanda ake.

Ndiye mwana wanga wamkazi, amene amaphunzitsa ku Rufunsa, anabwera ndi nkhani yoti ku Lusaka kwafika madokotala akunja ndi makina otchedwa loboti, ophunzitsa anthu othyoka msana kuyendanso. Anati malo ndi ochepa, adzayamba ayesa aliyense, nkusankha oti apitirize. Akumphakati anandipempherera. Alamu omwewo ndiwo anandibereka kumbuyo kundikweza basi, akuseka kuti pobwerera ndidzawabereke ine, poti maondo awo nawo atha.

Makinawo ali ngati miyendo yachitsulo yopanda mwini. Anandimangirira malamba m'ntchafu, m'maondo ndi m'mapazi, ena pachifuwa olendewera kudenga, ndipo pansi panali lamba wamkulu woyenda yekha. Mayi wina wachizambia, wophunzitsa odwala zolimbitsa thupi, ndiye ankandilankhula, ndipo ankanditchula kuti atate. Anati ndisaope, nkudina batani. Ndinamva kulira kwa fiii, ndipo ndinangoona pansi pakutalikira. Kutsogolo kunali kalilole wamkulu, ndipo m'menemo ndinaona nkhalamba yaitali, yoonda, itaimirira. Ndinali nditaiwala kuti ndine wamtali.

Kenako mwendo wamanja unanyamuka, nkuponda. Wamanzere nawonso. Ine sindinaiuze kuti iyende, sindinkaimva n'komwe, ndinkangoiona ikusinthana pansi panga ngati ya munthu wina. Ndine Mkhristu, koma chimene chinandibwerera m'mutu ndi nkhani za ndondocha zimene tinkamva tili ana, za akufa oukitsidwa kuti azilima m'munda mwa wina. Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria, koma lilime linalemera, thukuta lozizira linatuluka, m'maso munayamba kuda. Chomaliza chimene ndinaona m'kalilole ndi mutu wanga utagwera pachifuwa, manja ali lende, koma miyendo ikuyendabe mwadongosolo ngati ya msilikali. Mtembo ukuyenda. Mwana wanga akuti anakuwa, ndipo mayi uja anazimitsa makinawo nthawi yomweyo.

Nditatsitsimuka, mayi uja anandiuza kuti zimachitika, magazi amathawa kumutu munthu akaimirira patapita zaka zambiri. Anandiyesanso masiku atatu, akundibaya ndi kasingano m'mapazi ndi m'ntchafu, akufunsa ngati ndamva, akuyang'ana pa kompyuta ngati miyendo yanga ikuthandizako makinawo ngakhale pang'ono. Panalibe. Tsiku lomaliza anakhala pafupi nane, nkundifotokozera kuti lobotiyo imadzutsa chimene chatsala chamoyo mumsana, siilumikiza chimene chinaduka, ndipo malo ochepawo apatsa amene akumvako kenakake. Ndiye anafunsa, mongocheza, kuti kodi tsiku limene ndinagwa anandinyamula bwanji.

Ndinamuuza zonse, mpaka za nyerere zija, ndikunyadira alamu anga amene anandichotsa ululu. Mayi uja anati palibe angadziwe motsimikiza, mwina zikanathera pomwepa ndithu, koma munthu wogwa chotero sakokedwa, sakhazikidwa tsonga, amagonekedwa pa chinthu cholimba ngati chitseko osamupinda. Sananene zambiri. Ine sindinafunsenso, chifukwa zala zimene zinkagwedezeka zija zinali zanga.

Ndikuuzeni zoona, mantha a makina aja anali aang'ono poyerekeza ndi amene anandigwira m'basi pobwerera. Zaka zonsezi ndinkati chinandilumalitsa ndi njerwa, ndi chiswe, ndi chifuniro cha Mulungu. Titafika, alamu anali pamsewu kundidikira. Anafunsa mwanthabwala ngati nditsika ndekha, koma ataona nkhope ya mwana wanga anangotembenuka nkundipatsa msana kuti andibereke. Ndinakwera, manja omwe aja atagwira miyendo yanga.

Ndinakhala miyezi iwiri osawauza. Ndinawauza Lamlungu lina akundikankha kuchokera ku Misa, chifukwa ndinamva kuti akuitanidwabe kukawongola anthu. Anaimitsa njinga pakati pa njira, nanena motsitsa kuti alamu, ife timathandiza. Ndinayankha kuti ndikudziwa. Sitinakambenso, ndipo amabwerabe Lamlungu lililonse kudzandikankha, koma nthabwala zija zinatha.

Lero ndikhulupirira kuti sindidzayendanso, ndipo kumanda kwa mkazi wanga ndidzafika tsiku limene adzandinyamule m'bokosi. Makina aja ndi abwino kwa amene anasungidwa bwino pa ola loyamba, ine anandipeza mochedwa. Choncho inu amene mukuwerenga, munthu akagwa padenga, mumtengo kapena pangolo nadandaula msana, musamukoke, musamudzutse, ngakhale akupempheni akulira. Muitane achipatala, ndipo ngati mulibe njira ina, zulani chitseko mumugoneke pamenepo.

Amuna awiri amene anandigwira m'khwapa, mmodzi anamwalira, winayo timakhala benchi imodzi kutchalitchi ndipo sadziwa kanthu. Iwowo ndi alamu anga, onse atatu ndinawakhululukira.